Kaskaskia: likulu lomwe mtsinje unalanda

Wofuna kukafika ku Kaskaskia, kamudzi ka m'chigawo cha Illinois ku America, ayenera kuyamba watuluka m'chigawocho. Awoloke mtsinje wa Mississippi kulowa Missouri, kenako adutse pakamlatho ka pafupi ndi tauni ya St. Mary, ndipo adzapezeka wabwereranso ku Illinois. Kalembera wa 2000 anapezako anthu 9 okha, wa 2020 anapeza 21. Komatu dzina limeneli linali la likulu loyamba la Illinois.

Mudziwu unayamba mu 1703, pomwe ansembe a Chijezuwiti ochokera ku France anakhazikika kumeneko limodzi ndi eni dziko, anthu a mtundu wa Kaskaskia. Dothi lake linali lachonde. Afalansa ankalima tirigu, ufa wake n'kumautsitsa pamabwato mpaka ku New Orleans, ndipo thukuta lambiri m'mindamo linali la akapolo ochokera ku Africa. Mfumu Louis XV inapatsa tchalitchi cha kumeneko belu losulidwa mu 1741. Mu 1763 dera lonselo linapita m'manja mwa Angelezi, koma pa 4 July 1778 George Rogers Clark, mtsogoleri wa nkhondo wa ku America, ndi asilikali ake analanda mudziwu popanda kukhetsa magazi, beluyo n'kulizidwa. Mu 1809 Kaskaskia inakhala likulu, ndipo idakali likulu pomwe Illinois inkalandiridwa kukhala chigawo cha United States mu 1818. Posakhalitsa boma linasamukira ku Vandalia, pambuyo pake ku Springfield. Eni dzina lija anasainitsidwa pangano mu 1832 n'kukankhidwira kumadzulo, ndipo zidzukulu zawo lero zili ku Oklahoma.

Komabe chomwe chinapha tauniyi si kuchoka kwa boma ayi, ndi madzi. Inamangidwa pakadera kopyapyala, mbali ino Mississippi, mbali inayo mtsinje waung'ono wa Kaskaskia. Sitima zoyendera nthunzi zitachuluka, ankhuni anagwetsa mitengo ya m'mphepete mwa Mississippi kuti moto wa mainjini usazime. Mizu yomwe inkagwira gombe itatha, dothi linayamba kugumukira m'madzi chaka ndi chaka, mtsinje n'kumatambasuka, n'kumasendera kufupi ndi nyumba za anthu. Apa ndi pomwe mtima umandiwawa: sitima zomwe zinkabweretsa malonda padoko ndi zomwezo zinkadya nthaka yomwe tauniyo inakhalapo. Chigumula cha 1844 chinathamangitsa mabanja ambiri. Ndiye mu April 1881 Mississippi unaboola kaderako n'kulowa m'khwawa la mtsinje wa Kaskaskia, osabwereranso m'njira yake yakale. M'zaka zotsatira misewu ndi nyumba zinagwera m'madzi imodziimodzi, kuphatikizapo nyumba yomwe aphungu oyamba a Illinois ankakumaniramo.

Malire a Illinois ndi Missouri sanatsate mtsinje. Anatsala m'khwawa lakale, n'chifukwa chake dera la Kaskaskia, lomwe linasanduka chilumba, ndi la Illinois ngakhale lili kutsidya, ndipo makalata a anthu ake amadzera ku Missouri. Otsalawo anasamutsira mudzi chakum'mwera, anamanganso tchalitchi chawo, koma madzi sanawaleke. Mu 1973 komanso mu 1993 makhoma otchinga madzi anagumuka, chilumba chonse n'kumira. Belu lija lilipobe, long'aluka, m'kanyumba ka njerwa pafupi ndi tchalitchicho.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri n'chomwe anachita ndi akufa awo. Ataona kuti gombe layandikira manda, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 anafukula mafupa a anthu pafupifupi 3,000, kuwawolotsa, n'kukawaika pachitunda cha Garrison Hill, kum'mawa kwa mtsinje. Malowa tsopano ali m'paki ya boma ya Fort Kaskaskia, pomwe mabanja amapita kukagona m'matenti, ndipo m'munsi mwake muli nyumba ya Pierre Menard, wachiwiri kwa bwanamkubwa woyamba wa Illinois. Ukaima pachitundapo n'kuyang'ana pansi, umaona mabwato a katundu akuyandama pamwamba pa malo omwe panali misewu ya Kaskaskia.