Kusankha soldering iron ya ntchito ya mafoni ndi mawailesi

Anthu ambiri akafika pashopu ku Old Town kapena m'mbali mwa msewu wa Malangalanga ku Lilongwe kudzagula soldering iron, chida chowotcherera mawaya ndi tizipangizo pabolodi, amangofunsa mawatsi, poganiza kuti yamphamvu kwambiri ndiyo yabwino. Pabolodi la foni kapena la TV, chofunika ndi moto woti mungathe kuuchepetsa kapena kuuonjezera, ndipo usamatsike nsonga ikangokhudza chitsulo.

Solder ndi chitsulo chofewa chimene timasungunula polumikiza. Ya mtovu, ija ya 60/40 (magawo 60 a tini, 40 a mtovu), imasungunuka pa madigiri pafupifupi 190, pomwe yopanda mtovu, imene ili m'mafoni ambiri a masiku ano, imayambira pa 217. Choncho nsonga izikhala pakati pa 320 ndi 350 pa ya mtovu, ndi 350 mpaka 380 pa inayo. Soldering iron yotchipa ya 30W kapena 40W, yongolowetsa musoketi, ilibe choyezera. Imangotenthabe mpaka nsonga kuda bii, solder osagwiranso, ndipo tinjira takopa tapabolodi timamatuka. Polumikiza mawaya a sipika imatha ntchito, koma pafoni ayi. Yofooka ya 15W nayonso imaononga: pamalo akopa wambiri moto umathawa, munthu amakanikiza nthawi yaitali, kachipangizo kamapsa, polumikizapo n'kutuluka potuwa, posachedwa kuthetheka.

Yoyenera ndi ya 60W yokhala ndi pochunira madigiri, monga siteshoni (soldering iron yokhala ndi kabokosi kochunira moto) za mtundu wa 936 zogwiritsa nsonga za 900M. Zogwiritsa nsonga za T12 zimatentha m'masekondi ochepa chifukwa chotenthetsa chili m'kati mwa nsonga momwemo. Musanalipire, funsani ngati nsonga zake zimapezeka mu Lilongwe muno, chifukwa chimayamba kutha ndi nsonga.

Nsonga yosongoka ngati singano imakopa maso, koma moto imapereka pang'ono. Yaphwatalala ngati tchizulo, ya mamilimita 1.6 mpaka 2.4, ndiyo ya tsiku ndi tsiku. Ikada musaipale ndi tupa kapena sandipepa. M'kati ndi kopa wokutidwa ndi chitsulo chopyapyala, ndipo chikachoka solder imadya kopayo. Ipukuteni pasiponji yonyowa, ndipo muziipaka solder musanazimitse.

Werenganinso zolembedwa pachogwirira. Magetsi a ESCOM ndi 230V, ndiye ya 110V yochokera ku America imapsa nthawi yomweyo. Pulagi ikhale ya mano atatu, waya wa earth wolumikizidwa ndithu, kuti magetsi otayikira kunsonga asaphe ma IC, tizipangizo tamiyendo yambiri tapabolodi.

Kwa amene ntchito imaima magetsi akathima, pali zing'onozing'ono monga TS100, yoyendera magetsi a DC, ngati a batire, a 12V mpaka 24V. Pabatire ya sola ya 12V imangopereka pafupifupi 17W, yokwanira timawaya basi, koma pa 24V imafika 65W.

Waya wa solder gulani wa mamilimita 0.5 mpaka 0.8, wokhala ndi flux (mankhwala othandiza solder kugwira) ya rosin m'kati. Flux ya asidi, ya owotcherera mapaipi ndi marediyeta, imadya bolodi pang'onopang'ono ngakhale mutaipukuta.