Khansala wa m'komboni ndi ntchito imene timamusenzetsa

Mvula ikagwa usiku wonse m'makomboni a Lusaka, woyamba kudzutsidwa si nduna kapena phungu. Ndi khansala. Chaka china mu Januwale ndinafika pakhomo pa khansala wina kumadzulo kwa tauni cha m'ma 6 koloko m'mawa, kudzamutenga kuti tipite ku msonkhano wa komiti ya chitukuko. Ndinapeza anthu atadzaza kale benchi la pakhonde. Mayi wina, chitenje chili chonyowa mpaka m'mawondo, anagwada n'kunena kuti, "A khansala, madzi alowa m'nyumba. Ufa wonse wanyowa, ana ndawasiya pa tebulo." Mnyamata wina ankafuna kalata yofunsira ntchito. Bambo wachikulire anabwera kudzanena maliro, ndipo tonse tinkadziwa kuti kunena maliro kwa khansala n'kupempha bokosi ndi galimoto yopita ku manda a Chingwere. Khansalayo anatuluka atavala majombo, napereka moni kwa aliyense, kenako anapisa dzanja m'thumba n'kupatsa bambo aja kangachepe.

Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa makhansala ndi makomiti a m'mawodi, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti pa zopempha zitatu zija, chimodzi chokha ndicho chinali ntchito yake: madzi. Koma ndicho chimene sakanatha kuchithetsa m'mawa umenewo.

Makhansala ambiri sayambira pa ndale zikuluzikulu. Wina anali tcheyamani wa pa msika, wina mlembi wa nthambi ya chipani, wina mkulu wa mpingo kapena mayi woyendetsa chilimba, anthu amene dera linazolowera kale kuwathamangira zikavuta. Malamulo a dziko amene anasinthidwa mu 2016 amafuna kuti woimira ukhansala akhale wa zaka zosachepera 19, akhale ndi setifiketi ya Grade 12, ndipo asonyeze kuti alibe ngongole ya misonkho ya khonsolo. Chopinga chachikulu komabe si pepala ayi, ndi chipani. Munthu akhoza kukondedwa ndi wodi yonse, koma chipani chikapanda kumusankha kuti achiimire, ulendo wake umathera pomwepo, pokhapokha alimbe mtima n'kuima payekha. Akapambana amalamulira zaka zisanu. Ntchitoyi siwerengedwa ngati ya tsiku lonse, ndipo amalandira alawansi, imene kawirikawiri imathera pa maliro ndi pa fizi ya ana a eni.

Nanga mphamvu zake zili pati? Zili m'chipinda cha misonkhano ku Civic Centre, likulu la khonsolo, pa Independence Avenue. Pa chisankho cha 2021 mzinda wa Lusaka unali ndi mawodi 38, ndipo khansala aliyense ali ndi voti imodzi basi. Nkhani imayambira mu komiti, ya zachuma, ya zaumoyo kapena ya mapulani, kenako imapita ku msonkhano wa khonsolo yonse umene meya amatsogolera. Chogwirizana chikalembedwa, ochigwira ndi ogwira ntchito a khonsolo pansi pa town clerk, mkulu wa ogwira ntchito onse. Khansala sasayina cheke, salemba munthu ntchito, salamula dalaivala wa girediya. Madzi a m'mipopi ali m'manja mwa Lusaka Water Supply and Sanitation Company, magetsi ndi a ZESCO, misewu ikuluikulu ndi ya Road Development Agency. Chida chake ndi pakamwa, pepala ndi khama lobwerera pa ofesi imodzimodzi kakhumi.

Apa ndi pamene nkhani ya madzi ija imafunika kuimvetsa bwino. Kanyama, Misisi ndi mbali zina za Chawama zili pamalo athyathyathya, ndipo pansi pake pali thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu. Madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikachuluka amakwera, zimbudzi zokumba zimasefukira, ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime zosaya zimene anthu amatungamo. Ndiyo njira ya kolera. Tinaiona kuyambira mu Okutobala 2017, tinaionanso mu Januwale 2024 pamene bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Kukumba ngalande pa thanthwe lotere kumafuna makina ndi ndalama zambiri, komanso ngalande ya wodi imodzi ilibe phindu ngati wodi ya kumunsi yatsekeka ndi mapulasitiki. Khansala wodziwa ntchito amakhala pansi ndi anzake a mawodi oyandikana, ngakhale a chipani china, nkhaniyo n'kulowa mu bajeti mwezi wa dzuwa, osati madzi atafika kale pa bedi.

Ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'chigawo cha phungu, zasintha ntchitoyi kwambiri. Mu 2021 chigawo cha phungu mmodzi chinkalandira K1.6 miliyoni, mu 2022 zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zakhala zikukwerabe. Ambiri amaganiza kuti ndalamazi amagawa ndi khansala. Sizili choncho. Pempho limayambira kwa anthu m'mazoni, tizigawo ting'onoting'ono ta wodi, limadutsa ku komiti ya chitukuko ya m'wodi, imene khansala amakhalamo, kenako limapita ku komiti ya CDF ya chigawo chonse, kumene makhansala ochepa okha ndiwo amakhala ndi mipando. Choncho wodi imene komiti yake imakumana, imalemba bwino pempho ndi kulipereka nthawi yake, ndiyo imapeza kalasi yatsopano kapena mjigo. Ndaonapo mawodi osauka kwambiri akusemphana ndi ndalama chifukwa fomu inafika mochedwa, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Dzenje limene ambiri agweramo ndi la malo. Khansala alibe mphamvu yogulitsa poloti, ngakhale atabwera ndi chidindo ndi anyamata a chipani onyamula tepi. Mu 2020 boma linaimitsa kwa kanthawi makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe pa nkhani ya kagawidwe ka malo kosatsata lamulo. Amene mukukhala m'komboni yovomerezeka, pepala lokutetezani ndi occupancy licence, chilolezo chokhala pa malo kwa zaka 30 chochokera ku khonsolo, osati kalata ya pamanja. Ndaona amayi amasiye akulira nyumba itagumulidwa, m'manja atagwira lisiti lopanda ntchito.

Ena ukhansala umawakwezadi. Michael Sata anayambira pa wodi ya Bauleni, anakhala phungu wa Kabwata mu 1983, kenako bwanamkubwa wa Lusaka mu 1985, ndipo akuluakulu amamukumbukirabe pa kuyeretsa mzinda ndi kukonza misewu. Mu 2011 analowa ku State House. Chilando Chitangala anali khansala wa wodi ya Roma ndi wachiwiri kwa meya asanasankhidwe kukhala meya mu 2021, mwa voti ya anthu onse monga zakhalira kuyambira 2016. Koma awa ndi ochepa. Ambiri amagwa limodzi ndi chipani chawo, chifukwa timavotera khansala tsiku lomwelo limene timavotera pulezidenti, ndipo dzanja limangotsata chizindikiro chimodzi pa mapepala onse. Wolimbikira amakokoloka, waulesi amapulumuka.

Ine ndikafuna kumuyesa khansala sindiwerenga maliro amene wapitako, ngakhale ndikudziwa kuti kwathu kuno wosapita pa maliro si munthu. Ndimafunsa kuti ali mu komiti iti, walankhulapo chiyani chimene chinalembedwa m'maminitsi, ndipo anaitanitsa liti msonkhano wa anthu a m'wodi. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotsegukira aliyense, koma mipando ya alendo nthawi zambiri ndimaipeza ili mbee.

Khansala wa majombo uja nkhani ya ngalande anailimbikira mvula ziwiri zathunthu. Inakumbidwa chaka chake chachinayi, ndipo inadutsa kuseri kwa nyumba ya mayi aja. Chisankho chitafika, chipani chinasankha munthu wina. Lero ali pa kashopu kake kogulitsa simenti ndi misomali, ndipo anthu akamadutsa amamuitanabe kuti a khansala.