Makalipa ofiira saimitsa galimoto, amangwetu

Sabata ino yokha pa galaja pabwera anyamata atatu, funso lake limodzimodzi, "bwana makaniko simungandipezereko ma Brembo?" Akunena makalipa ofiira aja a kampani ya Brembo, kalipa kukhala chitsulo chimene chimafinya mapadi pa disiki mukaponda buleki. Wina wa Subaru, wina wa Mark X, winayo ka Golf GTI kongofika kumene kuchoka ku Joni. Ndikawafunsa kuti brake fluid, mafuta a mabuleki aja, munasintha liti amangondiyang'ana. Mmodzi anachita kudabwa, ati kodi amasinthanso, si timangothira akachepa? Ndatopa nazo ndithu.

Chimene chimagwira tala ndi tayala. Ngati mukaponda mwamphamvu ABS, ija imaletsa matayala kukhwekhwereza pa tala, ikumagunda pa pedulo, ndiye kuti mabuleki anuwo mphamvu ali nayo kale yokwanira, chikulephera ndi tayala, ndiye kaya muikepo kalipa ya mapisitoni sikisi mukaimabe pomwe mumaimira paja bola pansipo pali matayala a kaunjika ouma ngati chikopa. Taonani manambala anayi omaliza pa mzere wolembedwa DOT pambali pa tayala. 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 chaka cha 2018. Yambirani pamenepo.

Mabuleki akuluakulu ntchito yake ndi kupirira kutentha, basi. Spidi ikawirikiza kawiri, moto umene mabuleki ayenera kumeza umawirikiza kanayi, kuima kuchokera pa 120 si kawiri kwa kuima kuchokera pa 60 ayi. Disiki yaikulu imachedwa kupsa, n'chifukwa chake Subaru STI inkabwera ndi ma Brembo a mapisitoni anayi kutsogolo ndi awiri kumbuyo. Koma motowo umakafikabe ku fluid. Fluid ya mtundu wa DOT 4 yatsopano siwira isanafike madigiri 230, koma imamwa chinyezi pang'onopang'ono, ikamwa mokwanira imatha kuwira cha pa 155. Ikawira mumapaipi mumadzadza nthunzi, ndipo nthunzi mukaiponda imangofinyika, pedulo n'kulowa mpaka pansi.

Pali mnyamata wina wa Subaru WRX amene mpaka lero ndimamuganizira. Anagula makalipa a STI ogwirapo kale ntchito, anakamuikira munthu wa pansi pa mtengo, kwa ine anangobwera kudzaonetsa ndi kusintha oyilo. Anali okongola, sindikana. Nditatsegula kabotolo ka fluid ndinapeza yakuda bii ngati tiyi wopanda mkaka, womuikirayo anangotulutsa mpweya pang'ono n'kuthirapo ina ya m'botolo lotsegula kalekale. Ndinamuuza kuti aise siya galimotoyi, ola limodzi lokha ndichotse yonseyi. Ati akuchedwa ku ukwati ku Nchalo, abwera Lolemba.

Amene mukudziwa mtsetse wotsikira ku Chikwawa mukudziwa makona ake. Anatsika pa giya yaikulu phazi lili pa buleki njira yonse, pakati pa phiri pedulo inangoti phwa. Mwamwayi anaikhotetsera kukhoma la miyala osati kuphompho. Iye anatuluka ndi mabala chabe, koma msuweni wake amene anakhala kutsogolo amatsimphina mpaka pano. Lita imodzi ya fluid ndi ola limodzi. Ndimadzifunsabe kuti bwanji sindinangomubisira makiyi tsiku limene lija, akanakwiya inde, koma akanapita mochedwa basi.

Ndiye mukafuna kukweza mabuleki: matayala abwino, fluid yatsopano zaka ziwiri zilizonse, mapadi enieni opirira moto, mapaipi olukidwa ndi waya m'malo mwa a labala akale aja ngati dola ilipo. Ambiri a inu mukafika pamenepa mupeza kuti ma Brembo simukuwafunanso. Mapadi a mpikisano musaike pa galimoto yopitira kuntchito, amagwira bwino akatentha, m'mawa pa roboti yoyamba adzakuchititsani manyazi. Ndipo samalani, fluid ya DOT 5.1 ndi ya DOT 5 si pachibale, DOT 5 ndi ya silicone, siisakanizidwa ndi zinazi ndipo pa galimoto ya ABS siyenera.

Tsono awa oti chilichonse "timatha bwana". Ndaonapo disiki yobooledwa ndi dirilo ya m'manja kuti ioneke ya sipoti, ming'alu ikuchoka pa bowo kukafika pa bowo linzake. Ndaonapo bulaketi ya kalipa yowotcherera ndi owotcherera mageti. Ena kukuza kutsogolo kokha kumbuyo osaganizako, galimoto n'kumaima moipa kuposa kale. Za timapulasitiki tofiira tolembedwa Brembo tomata pamwamba pa kalipa tija sindiyankhulapo, mtima ungandipweteke.

Pedulo ikayamba kufewa, kapena chiwongolero chikamanjenjemera mukaponda, musati tidikire malipiro a mwezi uno. Pa disiki pamalembedwa MIN TH ndi nambala yake, makaniko wanu ayeze mukuona, ikapyapyala kupitirira pamenepo siisemedwanso, imatayidwa. Ndipo ku Khwekhwelele, ku Chiweta kapena potsika Ku Chawe, lowetsani giya yaing'ono injini ithandizeko, ngakhale mutaikadi ma Brembo enieniwo.