Mzere wa 1891 umene unadula Dedza pakati

Mkangano uja wayambiranso, ena akuti kachewere amene timagula pa Dedza ndi wa ku Mozambique, alimi athu akungoberedwa msika. Ine ndimangoseka, chifukwa funso loti mbatatayi ndi ya dziko liti ndi laling'ono poyerekeza ndi loti malirewo anabwera bwanji.

Dedza ndi tauni yokwera kuposa onse m'Malawi muno, mamita pafupifupi 1,600, makilomita 85 kuchoka ku Lilongwe pa M1, nchifukwa chake mu June mumachita kugona ndi juzi ndipo kachewere, nyemba ndi kabichi zimakonda. Anthu anakhalako kalekale, zojambula za m'mapanga a Chongoni zija UNESCO inazilemba mu 2006, malo 127, zina za Akafula zina za Achewa.

Koma chaka chimene chinasintha zonse ndi 1891. Angoni a Maseko anali atakhazikika ku phiri la Domwe, ndiye chaka chomwecho Inkosi Chikuse anamwalira, Chifisi amene ankalimbana naye anamwaliranso, ana awo Gomani ndi Kachindamoto nkutengera udaniwo mpaka Kachindamoto anakatsikira ku Mtakataka. Angoni ali kalikiliki ndi maliro komanso nkhondo za pachibale, ku Lisbon Angelezi ndi Apwitikizi anali kusaina pangano mu June loti malire azitsata mtunda wogawa madzi, opita ku nyanja akhale a Britain, opita ku Zambezi a Portugal. Domwe anagwera tsidya la Mozambique, ndipo mpaka pano dera limenelo amalitcha Angonia. Zolemba za atsamunda zimakamba ngati anangokonza mapu, koma mukamva mbiri ya Angoni eniake nkhani ndi ya mabanja ogawidwa pakati, ndipo ineyo pamenepa ndimakhulupirira kwambiri eni nthakawo.

Zaka za atsamunda zotsatira tidumphe, ndi za msonkho ndi mitengo ya paini ya m'phiri basi. Mzerewo unadzaonekanso pa nkhondo ya pachiweniweni ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, pomwe anthu ambirimbiri anathawira ku Dedza ndi Ntcheu mpaka mtendere wa 1992, ndipo ambiri "othawawo" ankafikira kwa amalume awo enieni.

Lero mukamayenda pa M1 kulowera ku Lizulu pali malo ena msewu weniweniwo ndiye malire, mayi wa thumba la kachewere akangowoloka tala ndiye kuti walowa dziko lina, chilankhulo chomwecho, mfunda womwewo.