Kuwawa kwa mowa wa m'botolo kumachokera ku duwa

Masese akagona masiku angapo amasasa mpaka osamweka, koma mowa wa m'botolo umatha miyezi uli m'kireti. Masiku ano amausefa, amautenthetsa kuti tizilombo tife, n'kuutseka bwino. Kalelo makinawa kulibe, ofulula mowa a ku Ulaya ankadalira duwa la chomera chotchedwa hops, lomwe limalepheretsa tizilombo tosasitsa mowa kuswana. Lamulo la mu 1516 la ku Bavaria, dera la ku Germany, linkati mowa uzifululidwa ndi madzi, balere ndi hops basi. Duwa lomweli ndi limene limabweretsa kuwawa kuja kumene kumatsalira kukhosi munthu akameza.

Chomerachi chimayanga ngati kalongonda. Alimi amachimangira zingwe zotalika mamita 6 kapena kuposa, ndipo pa miyezi yochepa chimakhala chafika pamwamba. N'chapachibale ndi chamba, koma mulibe choledzeretsa. Pali chachimuna ndi chachikazi, ndipo ofulula amafuna maluwa a chachikazi okha. Mukang'amba duwa limodzi lokhwima n'kulifikisa m'manja, zala zimatsala ndi ufa wachikasu womata, wa fungo lamphamvu. Ufawu umatchedwa lupulin, ndipo ntchito yonse yagona m'menemo: muli asidi wotchedwa alpha, wopatsa kuwawa, komanso mafuta onunkhira.

Zinthu ziwirizi sizifuna moto wofanana. Asidiyo sasungunuka bwino pokhapokha atawira nthawi yaitali, n'chifukwa chake hops wofuna kuwawitsa mowa amathiridwa madzi a chimera akangoyamba kubwata, n'kuwira nawo pafupifupi ola lathunthu. Mafuta onunkhira aja sachedwa kuuluka ndi nthunzi. Ofuna fungo amathira hops wina kutangotsala mphindi 5 kapena 10 kuti aphule, ndipo ena amadikira mpaka mowa utazizira n'kuyamba kusasa m'thanki, ndiye n'kuthiramo wosawiritsa. Choncho mtundu umodzi womwewo ungatulutse mowa wowawa wopanda fungo, kapena wonunkhira koma wosawawa kwenikweni. Musanafunse kuti anathira hops wanji, funsani kuti anathira nthawi yanji.

Mitundu yake ndi yambirimbiri, koma yakale yolemekezeka ili ku Czech Republic ndi ku Germany. Saaz, wolimidwa m'dera la Žatec, ali ndi asidi wochepa, pafupifupi 3 kapena 4 peresenti, ndipo fungo lake n'lofatsa, longa la zitsamba zouma. Ndi amene amapatsa kakomedwe mowa wa pilsner, womwe Josef Groll anaufulula koyamba mumzinda wa Plzeň mu 1842. Dera la Hallertau ku Bavaria, lomwe lili m'gulu la malo olima hops wochuluka kwambiri padziko lonse, lili ndi mtundu wake wakale wa Hallertauer Mittelfrüh. Komweko kumalimidwanso Magnum ndi Herkules, mitundu yatsopano imene asidi wake amapitirira 12 peresenti. Mafakitale akuluakulu amakonda imeneyi chifukwa kilogalamu imodzi imawawitsa mowa wochuluka, ndipo kawirikawiri amagula wopera wouma, woumbidwa timibulu, kapena wofinyidwa kale m'zitini. Maluwa athunthu ndi ochepa amene amawagwiritsabe ntchito.

Ku England kuli Fuggle ndi Goldings, a fungo la dothi ndi nkhuni.

Zinthu zinasintha ku America. Mu 1972 akatswiri a zaulimi a boma, omwe ankagwira ntchito pa Oregon State University, anatulutsa mtundu wa Cascade, womwe pa makolo ake pali Fuggle. Fungo lake ndi la zipatso za mtundu wa malalanje, ndipo mafakitale akuluakulu sanaukonde kwenikweni. Ofulula ang'onoang'ono ndi amene anautola, makamaka kampani ya Sierra Nevada ku California. Pambuyo pake kunabwera Citra ndi Mosaic, onunkhira mango ndi zipatso zina za kumalo otentha, ndipo mowa wothira hops wochuluka wotchedwa IPA (India Pale Ale) unafala paliponse. Chigwa cha Yakima, m'boma la Washington, ndi chimene chimakolola hops wambiri wa dzikolo. Ine pandekha ndimaona kuti ma IPA ena amachita kunyanya. Hops akachuluka amabisa zolakwika, pamene mowa wofatsa wa mtundu wa lager, monga pilsner uja, subisa kanthu: mukalakwitsa pang'ono, wakumwa amadziwa.

Pa mabotolo ena amalemba nambala ya IBU, yosonyeza kuchuluka kwa zowawa zimene zasungunuka mu mowawo. Lager wamba amakhala pakati pa 10 ndi 25, IPA amatha kupitirira 50. Musaikhulupirire kwambiri nambalayi. Mowa wakuda wa chimera chochuluka ungakhale ndi nambala yokwera koma osawawa pakamwa, popeza kutsekemera kwa chimera kumaphimba kuwawako.

Kwathu kuno fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, koma hops ndi wochokera kunja. Vuto si dothi kapena mvula ayi, ndi kutalika kwa tsiku. Chomerachi chimafuna masiku aatali kwambiri pamene chikukula, ndipo chimachita maluwa masikuwo akayamba kufupika. Chimafunanso nyengo yozizira kuti mizu ipume. Ife tili pafupi ndi ikweta, mzere wa pakati pa dziko lapansi, kumene usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse, moti chimachita maluwa chisanakule. Ngakhale ku George, kummwera kwenikweni kwa South Africa, masiku ndi ocheperabe, ndiye akatswiri anachita kubereketsa mitundu yopirira masiku aafupi monga Southern Promise, Southern Star ndi African Queen.

Mdani wamkulu wa hops mowa ukakhala kale m'botolo ndi kuwala. Dzuwa likauwomba, zowawa zija zimasweka n'kusakanikirana ndi sulufule wa mu mowamo, ndipo pamatuluka fungo lofanana ndi la kanyimbi. Sipafunika masiku, mphindi zochepa chabe padzuwa lamphamvu zimakwana kuwononga mowa wa m'tambula. Botolo lakuda ngati khofi limatchinga kuwalako bwino, lobiriwira limatchinga pang'ono, loyera silitchinga n'komwe, pokhapokha ngati ofulula anagwiritsa ntchito hops wofinyidwa wokonzedwa mwapadera kuti asasweke ndi kuwala. Ogulitsa amene amaunjika makireti pakhonde masana onse angachite bwino kuwalowetsa m'nyumba, kapena kuwafunditsa chiguduli.