Kodi kutentha kwa m'nyumba ya malata kumalowera pati?

Mu Okutobala, dzuwa likafika paliwombo, m'nyumba ya malata yopanda siling'i simukhalika. Mukafunsa chifukwa chake, ambiri amayankha kuti malata ndi chitsulo, ndipo chitsulo chimadutsitsa kutentha msanga. Yankholi ndi loona pang'ono chabe. Ophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE amagwanso m'mbuna yomweyi: amathamangira fomula asanadzifunse kuti kutenthako kukudzera njira iti. Ife a uinjiniya timayamba ndi kujambula chinthucho papepala, n'kuika mivi yosonyeza kumene kutentha kukuchokera ndi kumene kukupita. Masamu amabwera pambuyo.

Njira zake zilipo zitatu. Pa conduction, kutentha kumayenda m'kati mwa chinthu, kuchoka mbali yotentha kupita mbali yozizirirapo. Pa convection, kumanyamulidwa ndi mpweya kapena madzi amene akuyenda. Pa radiation, kumaoloka ngati cheza popanda chokunyamula, ndipo umu ndi mmene kutentha kwa dzuwa kumatipezera.

Titenge chipinda cha mamita 4 mulitali ndi 3 mulifupi, kutanthauza denga la masikweyamita 12. Tinene kuti malata afika madigiri 60, pamene pansi, makoma ndi mpweya wa m'kati zili pa madigiri 30. Manambalawa ndangoyerekeza, koma si achilendo tsiku lotentha ku Chikwawa kapena ku Salima.

Tiyambe ndi khoma. Lamulo la conduction, limene Joseph Fourier wa ku France analifotokoza mu 1822, likuti: tengani nambala k ya chinthucho, yosonyeza mmene chimadutsitsira kutentha, chulukitsani ndi kukula kwa malo ndi kusiyana kwa madigiri a mbali ziwirizo, kenako gawani ndi kuchindikala kwake. Njerwa yootcha ili ndi k wa pafupifupi 0.7. Ngati khoma ndi lochindikala masentimita 23, kunja kwake kuli madigiri 40 ndipo m'kati 30, ndiye kuti 0.7 × 10 ÷ 0.23 akutipatsa mawati 30 pa sikweyamita iliyonse. Onetsetsani kuti ndalemba 0.23 osati 23. Masentimita ayenera kusanduka mamita, apo ayi yankho lichepa ka 100.

Nanga lata? Chitsulo chili ndi k wa pafupifupi 50, ndipo lata wamba ndi lopyapyala, mwina mamilimita 0.3. Mukawerengetsera, mupeza kuti kuti mawati 260 (pafupifupi onse amene tiwapeze pansipa) adutse pa sikweyamita imodzi, pamwamba ndi kunsi kwa lata pangofunika kusiyana kosafika madigiri 0.002. Ndiye kuti lata silitchinga kalikonse. Mmene latenthera pamwamba ndi mmene latenthera kunsi. Kugula malata ochindikala kuli ndi ubwino wake pa kulimba, koma amene akukuuzani kuti m'nyumba muzizira chifukwa cha zimenezo akukunamizani. Funso lenileni ndi lakuti: kutentha kukafika kunsi kwa lata, kumatsika bwanji mpaka pamutu panu?

Convection ili ndi fomula yosavuta, yochokera ku lamulo la Isaac Newton la 1701: h × kukula kwa malo × kusiyana kwa madigiri. Chovuta ndi h, nambala yosonyeza mmene mpweya ukunyamulira kutentha, chifukwa si nambala ya chinthu ngati k. Imasintha malinga ndi mmene mpweya ukuyendera. Mpweya wotentha umapepuka n'kukwera, choncho umene watenthedwa ndi lata umangokakamira komweko kudenga. Pa mpweya wodekha chotere h amakhala wochepa, tinene 2. Ndiye 2 × 30 ndi mawati 60 pa sikweyamita.

Tsopano radiation, imene ambiri amainyalanyaza poganiza kuti ndi nkhani ya dzuwa ndi moto basi. Chinthu chilichonse chimatulutsa cheza, ngakhale inu amene mukuwerenga. Josef Stefan anapeza lamulo lake mu 1879, ndipo Ludwig Boltzmann analitsimikiza ndi masamu mu 1884. Apa m'pamene pagona msampha waukulu: madigiri ayenera kukhala a Kelvin, kutanthauza kuti muwonjezere 273. Choncho 60 akhala 333, ndipo 30 akhala 303. Nambala iliyonse muichulukitse yokha kanayi, 333 × 333 × 333 × 333, chimodzimodzinso 303, kenako muchotsere. Kusiyanako ndi pafupifupi mabiliyoni 3.87. Chulukitsani ndi nambala ya Stefan ndi Boltzmann, 0.0000000567, mupeza mawati 219. Pomaliza chulukitsani ndi nambala yosonyeza mmene chinthucho chimatulutsira cheza, imene imakhala pakati pa 0 ndi 1. Lata lakale lochita dzimbiri kapena lopaka utoto kunsi limayandikira 0.9, choncho yankho ndi mawati 197 pa sikweyamita.

Wophunzira amene waiwala Kelvin n'kugwiritsa ntchito 60 ndi 30 amapeza mawati 0.6. Mnzake wina amayamba wachotsera 303 pa 333 n'kuchulukitsa 30 kanayi, ndipo yankho lake limachepa kuposa pamenepo. Onse awiri akanayima kaye n'kudzifunsa ngati denga lotentha moti sungaligwire lingatulutse mphamvu yochepa chotero, akanadzigwira okha.

Tayerekezani tsopano: khoma 30, convection 60, radiation 197. Pa denga lonse la masikweyamita 12, radiation yokha ikuyandikira mawati 2,400. Zili ngati wina wapachika mahotipuleti awiri a mawati 1,000 kudenga, n'kuwayatsa atayang'ana pansi, ndipo akadali ndi chenji. N'chifukwa chake kutsegula mawindo kumathandiza pang'ono chabe: mphepo imachotsa mpweya wotentha, koma cheza chochokera kudenga chimakupezanibe pamphasa.

Masamuwa akutiuzanso poika ndalama. Siling'i, kaya ndi ya mabolodi kapena ya mphasa za bango, imaima pakati n'kulandira chezacho. Nayo imatentha n'kutulutsa chake, koma pa madigiri otsikirapo, ndipo chotchinga chimodzi chotere chimadula radiation pafupifupi ndi theka. Pepala lonyezimira la aluminiyamu loyalidwa kunsi kwa malata limaposa pamenepo, chifukwa nambala yake ya cheza ili cha m'ma 0.05, pa madigiri omwewo, mawati 197 aja angatsike kufika 11. Kunena zoona lata limatenthako kwambiri likasowa kotayira kutentha, choncho phindu silifika ndendende pamenepo, komanso mbali yonyezimirayo iyang'ane mpata wa mpweya ndipo isadzale fumbi. Utoto woyera pamwamba umalimbana ndi vutoli lisanayambe, pobweza gawo lalikulu la cheza cha dzuwa, chimene masana opanda mitambo chimafika mawati pafupifupi 1,000 pa sikweyamita.

Denga la udzu limazizira pa chifukwa china. Pakati pa udzuwo pamatsekeredwa mpweya, umene k wake ndi 0.026 yekha, ndipo dengalo ndi lochindikala masentimita ambiri, choncho kunsi kwake sikutentha ngati pamwamba. Apo conduction ndiyo ikulamulira, ndipo fomula yoyenera kuyambira ndi ya Fourier ija.