Kwa Rahel Levin ankabwera kudzamwa tiyi, koma mbumba yawo inamukana

Tikamaphunzitsa za kusalidwa kwa Ayuda ku Germany, ophunzira amathamangira kwa Hitler. Ine ndimayamba ndi Berlin wa m'ma 1790, nthawi imene zinthu zinkaoneka ngati zili bwino.

Mumzindawo munali mayi wachiyuda, Rahel Levin, wobadwa mu 1771 m'banja la amalonda olemera. Madzulo kunyumba kwawo mumsewu wa Jägerstrasse kunkasonkhana anthu a mayina: Alexander ndi Wilhelm von Humboldt, Friedrich Schlegel, ngakhale Louis Ferdinand wa kubanja lachifumu la Prussia, ufumu umene likulu lake linali Berlin. Mayi wina wachiyuda, Henriette Herz, nayenso ankalandira alendo otere.

N'chifukwa chiyani olemekezeka ankapondako mosavuta? Ulemu wawo anachita kubadwa nawo, ndiye kucheza m'nyumba ya Myuda sikukanawachotsera kanthu. Ena mwa iwo ankakongolanso ndalama kwa Ayuda olemera. Koma wamalonda wamba ndi mmisiri ankaona Myuda ngati wodzawalanda msika, ndipo Myuda wosauka, woyenda ndi katundu kumsana, sankawerengedwa n'komwe pamacheza amenewa.

Musafulumire kutama apamwambawo. Ambiri ankakonda mnzawo wachiyudayo pomuyesa wosiyana ndi Ayuda ena onse, ndipo maganizo awo pa mtundu wake sankasintha. Poyesera ubwenzi wotere ndi pa ukwati. Rahel anatomerana ndi Karl von Finckenstein, mwana wa m'banja lolemekezeka, koma achibale ake a mnyamatayo sanafune mkamwana wachiyuda. Karl sanalimbe mtima kuwatsutsa, chibwenzi n'kuthera pomwepo.

Napoleon, wolamulira wa France, atagonjetsa Prussia mu 1806, macheza aja anabalalika, ndipo mtima wokonda dziko unadza ndi tsankho. Mu 1811 Achim von Arnim anayambitsa kalabu ya odyera pamodzi imene inaletsa akazi ndi Ayuda, ngakhale obatizidwa. Chodabwitsa n'chakuti chaka chotsatira, mu 1812, boma linapatsa Ayuda unzika. Lamulo linatsegula khomo pamene anthu a ulemu ankatseka lawo.

Rahel anabatizidwa mu 1814 n'kukwatiwa ndi Karl August Varnhagen.

Chuma nachonso sichinathetse vutoli. Gerson Bleichröder, Myuda amene ankasamala ndalama za Bismarck, nduna yaikulu ya Germany, kwa zaka pafupifupi 30, anapatsidwa ulemu wa "von", mawu oikidwa pa dzina la olemekezeka, mu 1872. Olemekezeka ankadya nawo maphwando ake n'kumakamunyoza kumbali, ndipo Bismarck mwiniwake polemba mbiri ya moyo wake anangomutchula modutsa.